Mwala wa a Gusito pa Nsangalabwi

Tsiku limenelo pa dziwe la Nsangalabwi tinalipo anthu asanu ndi awiri, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati ndikupeka. Ndinalipo ine Makwinja. Analipo alamu anga a Gusito Nampinga, amene tawaika m'manda Lachinayi lapitali. Analipo mkazi wanga Rozina, mlongo wawo wa a Gusito, pamodzi ndi mai Agata, akazi awo a malemuwo. Awiriwa anabwera ndi zochapa. Analipo Che Bwanali a kutsidya, Msilamu amene nkhanu sankaika pakamwa koma kudzatiseka sankajomba. Analipo mng'ono wanga Pilato, amene anakwera sitima kuchokera kwathu ku Nayuchi nditamuitanitsa. Wotsiriza anali mwana wanga Damiano, ali kale ndi ndevu, akuphunzira zowotcherera zitsulo ku Balaka. Mwa asanu ndi awiriwo tatsala atatu: ine, mai Agata amene makutu anatseka, ndi Damiano.

Pamaliro mkulu wa mphakati anawerenga mbiri ya malemu. Akuti a Gusito anali munthu wamtendere, sanakwezepo mawu pa munthu, sanasungepo chakukhosi. Ine ndinatsokomola mpaka azimayi a kwaya anatembenuka. Mpata woyankhula sanandipatse, poti ndine mkamwini, ngakhale ndatha zaka makumi anayi ndi zisanu m'mudzi muno, ndipo mitengo ya mango imene anthu anabisalamo dzuwa tsikulo ndinabzala ndine. Ndiye mbiri inayo ndilemba ndekha. Sukulu ndinalekera panjira, koma zimene ndinaona ndi maso anga sizifuna satifiketi.

Zoti sanakwezepo mawu ndi zoona. Munthu uja ankayankhulira pansi dala, ngati akuuza nyerere, kuti iwe uwerame, ndipo ukayankha ndi mawu amene Mulungu anakupatsa anthu aziti Makwinja wayamba kukalipa. Koma zoti sanasunge chakukhosi ndi bodza. Anachisunga zaka khumi ndi zitatu, poyera, atachikhalira pamwala. Ndipo m'zaka zimenezo anandilanda mwana wanga mmodzi yekhayo wamwamuna. Sanamulande ndi munda kapena njinga iyayi. Anamulanda ndi bango, chingwe ndi matumbo a nkhuku.

Ngakhale kuchipatala mwezi wathawu anali yemweyo. Ndinapita kukawaona, poti mlamu ndi mlamu. Ndinawapeza atatha, mafupa okhaokha pansi pa bulangete. Anandikodola ndi chala, ine n'kuwerama ngati mwa masiku onse, ndikuganiza kuti mwina lero apepesa.

"Alamu, madzi pa Nsangalabwi atsika kufika pamng'alu wa thanthwe?"

"Ine ndidziwa bwanji? Kumeneko sindipondako."

"Mumapondako. Mapazi ndimawaona. M'mudzi muno wa phazi lotere ndi mmodzi."

Odwala a mabedi oyandikana anaseka. Munthu akufa, koma mphamvu yondichititsa manyazi anaisunga padera.

Anali wamfupi, wouma ngati nsungwi. Chipewa cha mlaza chimodzimodzicho chilimwe ndi dzinja. Fodya wa m'mphuno ankasunga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndipo akafuna kukunyoza ankayamba wakoka fodyayo, kuyetsemula, kupukuta mphuno, iwe uli chiimire kudikira, kenako n'kutulutsa mawu atatu okha okulasa mpaka mawa.

Za nkhanu ndifotokoze, chifukwa ana a masiku ano amaziona ngati zinthu za amphawi. Kuno kumunsi kwa phiri, kuseri kwa boma la Machinga limene ife akale timalitchabe Kasupe, nkhanu sitigwira chifukwa cha njala. Chilimwe chikafika, mizere tapanga, mbewu tasankha, mvula sinabwere, mwamuna amasowa chochita. Ena amapita ku bawo, ena ku kachasu. Ife tinkatsikira kumtsinje Lamlungu tikaweruka ku Misa, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Nthawi imeneyo mtsinje umaphwa n'kutsala maiwe, ndipo lalikulu mwa onse ndi la Nsangalabwi, lokhala ndi thanthwe long'ambika kumtunda kwake ndi mkuyu pambali.

Ine ndimagwira nkhanu ngati mwamuna. Ndimalowa m'madzi, kugubuduza mwala, kupisa dzanja muuna mpaka m'phewa. Ikandipana ndimaisiya ipane, ndi mmene ndimaitulutsira. Zala zangazi zili ndi zipsera zoti mwana angaphunzirirepo kuwerenga. A Gusito madzi sankawaponda. Ankakhala pamwala wawo wafulati pansi pa mkuyu, kumanga thumbo la nkhuku kuchingwe, chingwe kubango, n'kuponya pamng'alu wa thanthwe. Basi, kudikira. Nkhanu ikagwira nyambo siifuna kusiya, ndiye iwo ankakoka pang'onopang'ono ngati akusolola munga, n'kuigwetsera m'ndowa. Ndinawauza kangapo kuti kagwiridwe kameneko n'ka anthu odwala nyamakazi. Iwo ankati wolowa m'madzi amaona imodzi yokha imene wagwira, wokhala pamtunda amaona zonse zimene zathawa.

Nkhanu zilibe pangano ndi munthu. Lamlungu lino udzaza ndowa, linalo ubwera ndi zitatu, dziwe lomwelo, munthu yemweyo. Chaka china zimakhala zikuluzikulu zakuda, zonona moti ukaotcha mafuta achikasu amatuluka m'chigoba. Chaka china timakhala tating'ono tofewa, tongotha mchere. A Gusito anali ndi chifukwa pa chilichonse. Zikasowa, akuti mwezi wawala kwambiri ndiye zadya zakhuta. Kapena akuti mwera wazizitsa madzi. Kapena azimayi achapira kumtunda, sopo wazilowetsa m'mauna. Zikachuluka, akuti zanunkhiza mvula. Ine ndinkati zonsezo ndi nthano za munthu woopa kunyowa, nkhanu ndi dzanja basi.

Koma onani khalidwe lawo. Tsiku limene ine ndagwira makumi atatu iwo zinayi, ankasuzumira m'ndowa yanga, kukoka fodya, n'kufunsa ngati amayi a tianato ndawasiyira uthenga. Tsiku limene iwo adzaza, ine ndili ndi magazi okha m'zala, m'ndowa yanga sankasuzumiramo. Ankangoyenda patsogolo panga pobwerera, ndowa ataipendeketsa pang'ono kuti nkhanu zizikanda chitsulo, khwee khwee, njira yonse mpaka pakhomo panga. Akafika apo ankaima n'kundiuza mwaulemu kuti nditsale bwino.

Tinakanganapo za miyala. Ine ndikagubuduza mwala ndimapita kutsogolo, ndili pa ntchito. Iwo ankadzuka, kutsata m'mphepete, mwala uliwonse umene angaufikire n'kuubwezera mmene unalili, akubuula ngati asenza nyumba. Ankati munthu sasasula denga la mnzake n'kuchokapo. Tinakanganapo za zazikazi. Nkhanu yaikazi imasunga ana pamimba, pansi pa kachivindikiro, ndiye iwo ankapisa m'ndowa yanga osapempha, kutembenuza imodziimodzi, ya ana n'kuiponya m'madzi. Ndowa yanga, zala zopanidwa zanga. Tsiku lina ndinawagwira mkono. Rozina sanandiyankhule masiku anayi.

Damiano ndinkafuna aphunzire kupisa. Koma kuno mwana ndi wa amalume ake, bambo ndiwe tambala wobwereka. Anamudulira bango lake akadali wamng'ono, mwana n'kukula akudziwa kukhala chete. Komabe masiku amenewo ankagawa. Lamlungu lina pamtunda ndi amalume, lina m'madzi ndi ine, ndipo dzanja anali nalo, langa lenileni, losaopa kupanidwa. Ndinali ndisanamutaye.

Ndiye kunabwera chaka chimene mvula inachedwa mpaka anthu anayamba kuyang'anana. Mtsinje unaduka, maiwe ang'onoang'ono anauma, nkhanu za m'mbali zonse zinathawira ku Nsangalabwi n'kulowa mumng'alu wa thanthwe, kozama koti mkono sufika. Chingwe chinkafika. Masabata atatu otsatizana ine ndinabwerako chimanjamanja, a Gusito ndowa yodzaza. Sabata lachitatulo Damiano anabwera kuchokera ku Balaka. Anayang'ana ine m'madzi, anayang'ana amalume ake, n'kukadula bango.

Che Bwanali ali khale pamthunzi anati, "Che Makwinja, inu mukusamba kapena mukugwira? Ngati n'kusamba nenani, tikubwerekeni sopo."

"Inu zinthu zake simudya, pakamwa pakuyabwa chiyani?"

"Ine sindidya chifukwa cha chipembedzo. Nanga inu masabata atatuwa simukudya chifukwa chiyani? Mwalowa Chisilamu osatiuza?"

Anaseka onse. Damiano sanaseke mokweza, koma mapewa ndinawaona akugwedezeka. A Gusito anakoka fodya, kuyetsemula, n'kunena kuti alamu asavutike, msuzi wokha adzawatumizira.

Kwathu ku Nayuchi n'kuchigwa. Chilimwe madzi akabwerera kunyanja, timatchinga chithaphwi ndi matope, kukapa madzi onse ndi mabeseni, n'kutola milamba ndi manja. Palibe amadandaula, chifukwa dzinja nyanja imasefukira n'kubweretsa ina. Agogo anga ochokera ku Mozambiki ankatero, bambo anga ankatero. Ndiye ndinati mumtima, anthu a kuphiriwa ntchito saidziwa, ndiwaonetse. Ndinatumiza uthenga kwa Pilato kuti abwere.

Loweruka lotsatira m'mawa tinatsika awiri ndi makasu, mabeseni ndi matumba. Ngakhale silinali Lamlungu, tinapeza a Gusito ali kale pamwala, Damiano pambali pawo, azimayi akuchapa kumunsi, Che Bwanali pamthunzi wawo. A Gusito anayang'ana makasuwo.

"Alamu, makasu kumtsinje? Mwayamba dimba?"

"Muona."

"Chabwino, tiona."

Mawu awo onse anali amenewo, ndipo muwagwire bwino chifukwa mlandu wanga uli pamenepo.

Tinatchinga kumtunda, pamene timadzi tinkatsetsereka kuchokera pathanthwe, n'kutikhotetsera kumbali. Tinakumba ngalande kumunsi. Madzi otsalawo tinayamba kukapa. Dziwe lija lokhala ngati laling'ono ukaliona uli pamtunda, ukaligwira ndi beseni ndi nyanja. Dzuwa litafika pamutu madzi anali akadali m'mawondo, Pilato akupumira m'mwamba, chifuwa chikulira. Ndinaona kuti awiri sitimaliza, ndipo kulekera panjira kukanakhala kuseketsa mudzi wonse mpaka imfa.

"Damiano, siya bangolo, tenga beseni."

Anayang'ana amalume ake. Amalume ake anayang'ana chingwe.

"Ndikuyankhula ndi iwe. Anakubereka ndi bango kapena ine?"

Rozina anaimirira ndi thovu m'manja. "Bambo a Damiano, musiyeni mwana, wabwera kudzapuma."

"Iwe chapa. Lero ndidziwe ngati ndili ndi mwana m'mudzi muno."

Damiano anagoneka bango pansi bwinobwino, kupinda thalauzi, kulowa. Anakapa ngati injini ya chigayo, osapuma, osayang'ana munthu. Msana wake unali wanga, mikono yanga. Ndinanyada, sindibisa. Ndinatembenuka kuti a Gusito aone nkhope yanga, koma iwo maso anali pachingwe.

Madzi atatsika kupitirira mng'alu, nkhanu zinayamba kutuluka. Sindinaonepo zotere chibadwire ndipo sindidzaonanso. Zinkatuluka mumng'alumo ngati anthu akuweruka kutchalitchi, zikuluzikulu zakuda za dzanja limodzi lalikulu, zofiirira, zopunduka, zazikazi ana akuyoyoka pamimba ngati nyerere. Matope onse ankayenda. Pilato ankatola ndi manja awiri akuseka, ine ndikukokolola ndi beseni. Tinadzaza matumba awiri ndi beseni limodzi. Che Bwanali anasiya nthabwala. Anangoti, "Ngwamba, iyayi achimwene, izi si zoseka," n'kutola nsapato zawo kumapita.

A Gusito sanasunthe. Chingwe sanachikoke. Madzi anatha pansi pake, nyambo n'kugona pamatope, ntchentche n'kuyamba kuterapo, iwo ali gwire bango ngati pali chimene akudikira. Ndinakoka thumba limodzi n'kuliika pamapazi awo.

"Werengani, alamu. Msuzi lero nditumiza ndine."

Anayang'ana thumba likugwedezeka. Anati, "Mwapambana. Nanga mawa tikaweruka ku Misa tidzagwira kuti?"

"Mvula ibweretsa zina."

Anatulutsa kabotolo, kukoka fodya, osayetsemula.

Matumba awiri a nkhanu palibe banja lingamalize, ndipo m'chilimwe zikafera m'thumba sizichedwa. Tinagawa nyumba ndi nyumba. Mbale imene tinatumiza kwa mai Agata inabwerera yovindikira mmene inapitira. Lolemba fungo linali litafika kumsewu. Damiano anakumba dzenje kuseri kwa khola la mbuzi, kukwirira zotsalazo, kusamba, n'kukakwera minibasi ya ku Balaka osatsanzika.

Mvula inabwera patatha masabata awiri, dziwe linadzaza, ine ndinati mwaona. Chilimwe chotsatira ndinapisa mauna onse, ndinagubuduza mwala uliwonse. Ngakhale imodzi. Chaka chinacho chimodzimodzi. Kunali kuphunzira kwanga ndili ndi imvi: nkhanu si mlamba, siichokera kunyanja iyayi. Imabadwira pomwepo, pamimba pa amake, ndipo ukatola amake ndi ana omwe, mng'alu n'kuusiya uume masabata awiri, watola zaka.

Ndiye mlandu wanga ndi uwu, ndipo ndikanaunena pamaliro akanandipatsa mpata. Ine sindinkadziwa. Iwo ankadziwa. Anali mwini mbumba, dziwe lili pamalo a makolo awo. Akanangoti, alamu lekani, kuno si kuchigwa. Ndikanakalipa, inde, mwina ndikanatukwana, koma Pilato akanaika khasu pansi, Damiano sakanalowa m'madzi. Anaona makasu m'mawa, anadziwa chimene chikubwera, n'kusankha kukhala chete kuti ndidzimange ndekha mwana wanga akuona, mwana wangayo atagwira beseni. Anapereka dziwe lonse kuti atenge mwana. Munthu wamtendere amatero?

Ndipo sanalekere pomwepo. Kumtunda kwa phiri kuli maiwe ena, nkhanu zinalipo, ine ndinkapita kumeneko ndekha n'kubwera ndi khumi, makumi awiri, chaka chabwino kuposerapo. Iwo anakana. Chilimwe chilichonse, Lamlungu lililonse, ankapha nkhuku kapena kupempha matumbo kwa anzawo, kutsikira ku Nsangalabwi, kukhala pamwala, kuponya chingwe m'dziwe lopanda kanthu mpaka dzuwa kupendeka. Njira ya kumsika imadutsa pomwepo. Aliyense wodutsa ankafunsa.

"Agogo, zikudya?"

"Iyayi."

"Nanga bwanji osapita kumtunda?"

"Funsani alamu anga."

Zaka khumi ndi zitatu, funsani alamu anga. Ana amene anali asanabadwe tsiku lija anakula akudziwa kuti Makwinja ndi uja anapha dziwe. Wansembe watsopano atabwera, sabata lachiwiri anali atamva kale. Akanandisumira kubwalo ndikanalipa mbuzi n'kutha. Akanandimenya ndikanabwezera. Koma munthu wongokhala pamwala ungamutani? Ndinapita tsiku lina kukawauza kuti zakwana. Anandiyankha kuti iwo sakuchita kanthu, akungogwira nkhanu pamene agogo awo ankagwira, kapena pali lamulo latsopano?

Damiano akabwera kuchokera ku Balaka ankafikira kwa ine, sindinama. Kugwada, moni, shuga, sopo, mafunso a thupi. Mphindi zake zinali zoti tiyi sanazizire. Kenako ankati akaone amalume, n'kutsikira kumtsinje, n'kukhala pambali pawo tsiku lonse, mabango awiri m'madzi opanda kanthu. Ine kumtunda ndowa ili ndi nkhanu zenizeni, mwana wanga akudyetsa ntchentche matumbo a nkhuku. Ndinamuitana kangapo kuti tiye kuphiri, zilipo zonona. Ankati mwendo ukupweteka, kapena nthawi yachepa. Ndinamufunsa kuti kodi mumakambirana chiyani kumeneko dzuwa lonse. Anati palibe. Ndikukhulupirira kuti n'zoona, ndipo n'chimene chimandiwawa. Munthu anakonda palibe wa amalume ake kuposa nkhani zonse za bambo ake.

Rozina atamwalira, achibale ena anayamba kunong'ona kuti mkamwini azibwerera kwawo, munda ubwerere kwa eni. Ndinali nditamanga kale katundu mumtima. A Gusito anawaletsa. Anthu amati onani chifundo, ndipo pamaliro anachitchula. Ine ndinawamva ndi makutu anga mmene ananenera. Anati alamu asapite, ku Nayuchi n'kutali, sangamve madzi akadzayamba kuyankha. Anandisunga ngati mmene munthu amasungira mboni. Kaya ndi chifundo, kaya n'chiyani, nyumba ndinakhalamo, munda ndinalima, ndipo zikomo sindinanene.

Chaka chachisanu ndi chinayi nkhanu zinayamba kubwerera pa Nsangalabwi, kaya zinatsika ndi madzi kuchokera kumtunda, kaya zinayenda pansi. A Gusito ankagwira ziwiri, zinayi, tsiku labwino zisanu ndi imodzi, tsiku lina osagwira n'komwe. Ankaziika m'ndowa, kuonetsa odutsa, dzuwa likapendeka n'kuzibwezera zonse. Tsiku lina ndikukhala pakhonde, ndinaona mai Agata akubwera ndi mbale ziwiri zovindikirana, atazikulunga m'nsalu ngati chakudya cha mlendo wolemekezeka. Anagwada, kuika pansi, kumapita. Kuvundukula, nkhanu imodzi. Yootcha bwino, yamphongo, kamchere pambali. Uthenga panalibe. Ndinakhala nayo nthawi yaitali ndikuganiza zoiponyera galu. Ndinadya, chifukwa nkhanuyo inalibe mlandu. Inali yonona, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundituka kapena kundiitana. Akanafuna kuti ndidziwe akananena, pakamwa anali napo.

Loweruka, patatha masiku awiri chiikire maliro, Damiano anati abwerera ku Balaka masana. Ine m'mawa ndinapha nkhuku yanga, ndinadula mabango awiri, ndinamasula chingwe pathumba la feteleza. Ine Makwinja, wa zipsera m'zala, kumanga thumbo la nkhuku ngati wodwala nyamakazi. Ndinati palibe kanthu, mwini kagwiridweko wapita, wondiseka palibe, ndipo mwana ndi wanga. Ndinamuuza kuti tandiperekeza kumtsinje. Anayang'ana mabangowo n'kunditsata.

Pa Nsangalabwi madzi atsika, mng'alu ukuoneka chala chimodzi pamwamba pake. Mkuyu wagwetsa nkhuyu pamwala ponse, zina zaphwanyika, nyerere zikuzungulira, poti mwezi wathunthu palibe wosesa ndi chipewa. Mwalawo pakati pake ndi posalala, pakuda, ndipo kutsogolo kwake pali timaenje tiwiri m'dothi pamene zidendene zinkaponda. Kumanja udzu sunamere, pamene ndowa inkakhala. Miyala ya m'mphepete ili yonse m'malo mwake, ndere kumwamba, palibe wotembenuzika. Anthu awiri anadutsa panjira ya kumsika, anayang'ana pansi pa mkuyu mwachizolowezi, pakamwa atatsegula kale kuti afunse, n'kupitirira osayankhula. Nyenje zokha.

Ndinasesa nkhuyuzo ndi dzanja n'kukhala pamwalapo. Ndi wotsika kwambiri, mawondo anandifika pachibwano. Ndinaponya chingwe changa, bango linalo ndinalozetsa kwa Damiano.

"Tenga, khala apa."

Sanatenge. Anaima kumbuyo kwanga, manja m'matumba. Ndinayankhula ndekha, za madzi, za mvula, za chaka chimene zinali zakuda. Chingwe chinagwedezeka kamodzi, ndinakoka mwamphamvu, nkhanu inasiya n'kugwera m'madzi, thapwi. Ndinaseka kuti naye aseke. Dzuwa litakwera anati nthawi yakwana, ndipo tinakwera mtunda, ine patsogolo ndi mabango awiri, iye pambuyo.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu wa ku Zomba podikirira minibasi. Ndinamuuza kuti Lamlungu la mawa lino ndi la maliro, koma linalo abwere, zikudya, waona yekha, tidzayambe m'mawa. Anayang'ana kumene galimoto imachokera, kenako anandiyang'ana ine, n'kuyankhula motsitsa moti ndinachita kuwerama.

"Kumtsinje kuja ndinakumverani kamodzi, bambo, ndipo kanakwana. Ngati ndi ndiwo zavuta, ndizikutumizirani usipa."